Madisiketi a atsibweni anga ndi luso lolankhulitsa makina akale

Atsibweni anga atamwalira, amayi anandipatsa ntchito yosanthula katundu wa m'chipinda mwawo. Anati poti ine ndiye ndikuphunzira kuyunivesite, ndidziwa kusiyanitsa pepala lofunika ndi lokulungira fodya. Malemuwo anaphunzitsa kupulayimale zaka zambiri m'boma lathu lino la Dowa, ndipo chipinda chawo chinali chodzaza ndi makope komanso nyuzipepala zakale zomwe chiswe chinali chitayamba kale kulawa. Kunsi kwa bedi ndinapeza chitini cha mabisiketi. Nditatsegula ndinapezamo madisiketi 7, iliyonse ili ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo. Pena analemba kuti "Mbiri ya mudzi", pena "Nthano za agogo", pena "Malire", ndipo pachivundikiro cha chitinicho panali chaka cha 1998.

Kwa anzanga amene munabadwa mafoni atafala kale, disiketi ndi kachipangizo ka pulasitiki ka makona anayi, kokwana m'thumba la malaya, komwe anthu ankasungiramo zolemba za pakompyuta fulashi isanabwere. Kamanyamula 1.44 MB basi, moti chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni yamakono nthawi zambiri sichingakwanemo. Kachizindikiro komwe mumadina mukafuna kusunga ntchito yanu pa Word ndi chithunzi cha kanthu komweka.

Amayi atawaona anakumbukira msanga. Anati alongo awowo ankapalasa njinga m'midzi kukacheza ndi nkhalamba, ankalemba zonse m'kope, ndipo akalandira malipiro pakutha pa mwezi ankapita ku Lilongwe kukataipitsa. Makope aja chiswe chinadya. Nkhalamba zomwe anacheza nazo zonse zinatsikira kulichete. Choncho zomwe anthuwo ananena za momwe makolo athu ankabisalira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi nthawi ya nkhondo za Angoni, ndi momwe anamvera za amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889, zinali zitatsala m'timapulasitiki 7 timeneti. Makina otha kutiwerenga kunyumba kunalibe, kusukulu kwathunso kunalibe.

Anzanga ophunzira za makompyuta nditawaonetsa anangoseka. Wina anati, "Aise, izi n'zokapereka ku museum." Wina anandiuza zoona kuti chilipo chipangizo cholumikiza pa USB chomwe chimawerenga madisiketi, koma nditazungulira mashopu angapo ku Lilongwe sindinachipeze, ndipo kuitanitsa kunja kumalira ndalama zakunja zomwe mwana wasukulu alibe. Patchuthi ndinayesa pa Mponela. Anyamata okonza mafoni anatembenuzatembenuza disiketi ija ngati aona chithumwa, kenaka mmodzi anandilozera kwa bambo ena achikulire okonza mawailesi ndi ma TV kuseri kwa msika.

"Bambo, ndamva kuti muli ndi kompyuta yowerenga zinthu izi," ndinatero nditapereka moni.

"Mwana wanga, wazitenga kuti zimenezi? Ndinaziona komaliza iwe usanayambe n'kukwawa komwe."

Anasolola kunsi kwa tebulo chikompyuta chomwe kale chinali choyera koma tsopano chitasanduka chachikasu. Anachipukuta fumbi, anasinthamo kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo, n'kuchiyatsa. Pasikirini panabwera Windows 98. Atalowetsa disiketi yoyamba, makina anakukuta kwa kanthawi ngati mbuzi ikubzikula, kenaka mayina a mafayilo anaoneka. Mtima wanga unadumpha.

Koma kuona chinthu ndi kuchitenga n'zosiyana. Windows 98 siizindikira fulashi pokhapokha utaiikira pulogalamu yaing'ono yotchedwa driver, ndipo kompyuta ija inalibe pulogalamuyo. Polowetsera CD panali pakufa. Intaneti inali isanailawepo. Zolemba za atsibweni zinali pamaso panga, koma zili m'nyumba yopanda khomo lotulukira.

Bambo aja sanatekeseke. Anatsegula dilowa n'kutulutsa chingwe chokhala ndi mitu ya mapini 9 mbali zonse, chomwe ankagwiritsa ntchito kale poika mapulogalamu atsopano m'ma decoder a satellite. Anandionetsa kuseri kwa kompyuta malo otchedwa serial port. Anati m'chingwemo waya wa pini yachiwiri ndi wa pini yachitatu anapingasana dala, kuti pakamwa pa makina ena palunjike pakhutu pa anzake, ndipo pini yachisanu ndi yomwe imaika makina onse awiri pamulingo umodzi wa magetsi. Laputopu yanga ilibe serial port, ndiye anamangirira kachingwe kena kosinthira ku USB. Nako kanafuna driver yake, yomwe ndinakopera pa intaneti ndi bandulo ya pafoni. Poyamba pasikirini panangobwera zizindikiro zopanda tanthauzo, chifukwa makina awiriwo sanagwirizane liwiro lolankhulirana. Titaika onse pa 115200, mafayilo anayamba kuwoloka, disiketi yodzadza n'kumatha mphindi ziwiri ndi kanthu.

Tsiku limenelo ndinatuluka pa Mponela ndi ganizo lomwe ndikufuna kuliteteza muno. Luso lolumikiza makina akale ndi atsopano, lowapangira posungira zinthu ndi kuwalembera ma driver, ndi limodzi mwa maluso omwe Malawi akuwasowa kwambiri, ndipo ife a kuyunivesite tikulinyoza chifukwa silioneka lamakono. Ndikunenanso kuti nkhaniyi ikutikhudza ife ophunzira mbiri, zilankhulo ndi zolembalemba mofanana ndi anzathu a uinjiniya.

Tiyambe ndi driver yomwe ndaitchulayi. Aliyense amene anakhalapo m'tchalitchi tsiku lomwe kwabwera mlaliki wosadziwa Chichewa amadziwa ntchito ya womasulira. Mlaliki akhoza kukhala ndi uthenga wabwino, mpingo ukhoza kukhala ndi makutu akuthwa, koma womasulira akadwala tsiku limenelo, aliyense amabwerera kwawo chimanjamanja. Driver ndi womasulira wa pakati pa kompyuta ndi chipangizo chomwe mwalumikizako, kaya ndi pulinta, fulashi, kapena sikelo. Nthawi zambiri tikamati chipangizo chafa, mkati mwake mulibe chomwe chapsa. Changosowa wochimasulira, chifukwa kampani yomwe inachipanga inatsekedwa kapena inasiya kulemba ma driver ogwirizana ndi makompyuta atsopano.

Nditabwerera kusukulu ndinayamba kuwerenga za chingwe chija, ndipo ndinapeza kuti kunja kuli anthu ambirimbiri amene amathera nthawi yawo yopuma pa ntchito yomweyi. Commodore 64, kompyuta ya m'nyumba yomwe inatuluka mu 1982, inkasunga zinthu pakaseti kapena pa makina owerenga madisiki otchedwa 1541, omwe ankalumikizidwa ndi chingwe cha serial. Makina amenewo ambiri anatha ndipo madisiki ake akuwonongeka ndi ukalamba. Ndiye anthu anapanga kabolodi kotchedwa SD2IEC. Mbali ina kamalandira memory card ngati ya m'kamera, mbali ina kamayankha kompyutayo m'chilankhulo chomwe 1541 inkayankhira, moti pa ntchito zambiri kompyuta ya zaka zoposa 40 imangoona ngati ikucheza ndi mnzake wakale. ZX Spectrum ya ku Britain, yomwe inatulukanso mu 1982 ndi memory ya 48 KB, inkatha pafupifupi mphindi zisanu kukweza sewero limodzi kuchokera pakaseti. Lero ali nako kabolodi kotchedwa DivMMC komwe kamachita zomwezo m'kuphethira kwa diso. Palinso Gotek, kabokosi kolowa m'malo mwa makina owerenga madisiketi koma kogwiritsa ntchito fulashi, komwe Keir Fraser anakalembera pulogalamu yaulere yotchedwa FlashFloppy kuti kazigwira ntchito pa makompyuta akale amitundumitundu.

Kuti munthu apange zinthu zimenezi amayenera kuwerenga mabuku a malangizo omwe analembedwa iye asanabadwe, kuyeza magetsi oyenda pawaya uliwonse, ndi kulemba pulogalamu yokwana m'kamalo kochepetsetsa. Sangabise umbuli wake kuseri kwa memory yambiri. Akalakwitsa kanthawi kakang'ono pa kayendedwe ka uthenga, makinawo amangokhala duu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi imaphunzitsa kudekha kotero.

Mwina mukuti izi n'zoseweretsa za anthu okhuta a ku Ulaya ndi ku America amene akulakalaka ubwana wawo. Inenso ndinkaganiza choncho, ndipo mbali ina n'zoona. Ambiri a iwo amangofuna kuseweranso masewero omwe ankasewera ali ndi zaka 10. Ife ubwana wathu ku Dowa unalibe Commodore, unali ndi galimoto zamawaya ndi mpira wachikulunga. Koma pali nkhani ina yomwe inayambira kwa anthu oseweretsa omwewa n'kudzathera m'chipatala cha ku Lilongwe, ndipo ndi ochepa mwa ife amene tinaimvapo.

Mu 1999 kampani ya ku Texas yotchedwa Netpliance inayamba kugulitsa kamakina kotchedwa i-Opener. Kanali kasikirini ka mainchesi 10 ndi kiyibodi, kopangidwira kuwerenga imelo ndi kuona intaneti basi. Ankakagulitsa pa mtengo wa madola 99, wotsika kuposa ndalama zokapangira, poyembekezera kuti phindu lidzachokera ku malipiro a intaneti a mwezi ndi mwezi. Kumayambiriro kwa 2000, injiniya wina wa ku Las Vegas, Ken Segler, anakatsegula n'kupeza kuti mkati mwake ndi kompyuta wamba, ndipo muli malo olumikizirapo hard disk, kungoti mapini ake anali otembenuzidwa. Atapanga chingwe chowongola mapiniwo, kamakina kaja kanasanduka kompyuta yathunthu. Analemba njira yake poyera, anthu anathamangira kukagula, kampani inayesa kutseka mpatawo koma zinthu zinali zitaivuta kale, ndipo pofika 2001 inali itasiya kugulitsa makinawa.

Makina omwewa, omwe ku America anali atasanduka zotsalira za kampani yolephera, anafika ku Malawi. Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health anawapeza motchipa, anawaika galasi lomva kukhudza kwa chala kuti wogwira ntchito asavutike ndi kiyibodi, ndipo anasintha kalandiridwe kake ka magetsi kuti azitha kuyendera mabatire magetsi akazima. Mu 2001 anayamba kugwira ntchito pa Lilongwe Central Hospital, chipatala chomwe lero timachitcha Kamuzu Central. Wodwala akalembetsa, pulinta yaing'ono inkatulutsa kapepala ka mizeremizere komata pa kabuku kake ka kuchipatala, kuti akadzabweranso asadzayambirenso kufunsidwa zonse. Njira imeneyi inakula mpaka kuthandiza kusunga mbiri ya anthu olandira ma ARV m'zipatala zambiri za dziko lino. Soyapi Mumba, Mmalawi wolemba mapulogalamu amene anagwira ntchito m'bungweli, anakafotokoza nkhaniyi pamsonkhano wa TED ku Arusha mu 2017. Ngati munaonapo kapepala ka mizeremizere pa kabuku kanu ka kuchipatala, munakhudzapo chipatso cha ntchito yomwe inayamba ndi makina omwe eni ake anawataya.

Onani kuti luso lomwe linafunika apa ndi lomwe lija la anthu a Commodore ndi Spectrum: kutsegula chinthu chomwe wopanga anati usatsegule, kumvetsa chilankhulo chake, kuchilumikiza ndi chipangizo chomwe sichinapangidwire, ndi kulemba pulogalamu yoti ziwirizo zimvane. Kwa mnzathu wa ku Las Vegas zinali zosangalatsa za kumapeto kwa sabata. Ku Lilongwe zinachepetsa chisokonezo pamzere wa odwala.

Tsono tayang'anani makina otizungulira. Laputopu zomwe ambiri a ife timalembera ma assignment n'zakaunjika, zinatumikira kale munthu wina kunja zisanafike kuno. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 kwa anthu wamba, ndipo Windows 11 imakana makompyuta ambiri akale chifukwa alibe zina zomwe iyo imafuna, monga TPM 2.0. Makompyuta amenewo ambiri ndi amoyo ndithu, ndipo atha kuyenda bwino ndi Linux kwa zaka zina zingapo ngati pali munthu wodziwa kuwaikira ndi kuthana ndi ma driver ake. Nayo serial port, yomwe malamulo ake otchedwa RS-232 anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1960, sinafe. Kulankhulana kwa mtundu umenewu mudzakupeza pa masikelo a digito, pa makina ambiri oyezera magazi m'malabu, pa ma inverter ndi mabokosi oyendetsa magetsi a sola, pa ma router, ngakhalenso pa timabolodi ta Arduino tomwe anzathu a uinjiniya amaphunzirira. Sola yomwe ikufala m'midzi ya ku Madisi ndi ku Nambuma idzafuna anthu otha kulankhula ndi mabokosi ake akadzayamba kuvuta, osati ongodziwa kugula lina.

Ndipo nkhani ya driver ndi nkhani ya ulamuliro. Mu 2014 kampani ya FTDI, yomwe imapanga ma chip a m'zingwe zosinthira USB kupita ku serial, inatulutsa driver yomwe inkalemaza ma chip achinyengo otengera ake. Anthu amene anagula zingwe zotchipa osadziwa kuti mkati muli chip yachinyengo anangoona zipangizo zawo zasiya kugwira ntchito. Anthu atadandaula kwambiri driver ija inachotsedwa, koma phunziro linatsala. Wolemba driver ndi amene amagamula ngati chipangizo chanu chikhale ndi moyo kapena ayi. Dziko lomwe limagula zotchipa ndi zakaunjika, koma lilibe anthu otha kuwerenga kapena kulemba driver, limakhala likudikira chifundo cha anthu amene sadziwa n'komwe kuti Dowa ali kuti.

Mbali yomwe ikundikhudza kwambiri monga wophunzira mbiri ndi iyi. Mu 1086 ku England kunalembedwa buku la kalembera wa minda ndi chuma lotchedwa Domesday Book. Mu 1986, pokumbukira zaka 900 za bukuli, BBC inasonkhanitsa zithunzi, mapu ndi zolemba kuchokera kwa anthu pafupifupi 1 miliyoni, ambiri mwa iwo ana asukulu, n'kuziika pa madisiki a LaserDisc owerengedwa ndi kompyuta yapadera. Pofika 2002, patangotha zaka 16, makina otha kuwerenga madisikiwo anali atatsala owerengeka, ndipo panafunika akatswiri a ku yunivesite za Leeds ndi Michigan kuti alembe pulogalamu yotsanzira kompyuta yakaleyo. Buku la pachikopa la 1086 likuwerengekabe mpaka lero. Ngati izi zinachitikira BBC, nanga bwanji ife?

Ku Zomba kuli National Archives komwe munthu atha kuwerenga makalata a nthawi ya atsamunda chifukwa analembedwa papepala. Koma taganizirani zomwe Amalawi analemba pakompyuta kuyambira m'zaka za m'ma 1990, nthawi yomwe dziko linkasintha kuchoka ku chipani chimodzi, kudutsa referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Timapepala ta mabungwe, ma minutes a misonkhano ya mipingo, kafukufuku wa ophunzira, ndakatulo ndi masewero omwe sanasindikizidwe, zambiri zinasungidwa pa madisiketi ndi ma hard disk omwe lero ali m'makatoni. Kampani ya Sony inasiya kupanga madisiketi mu 2011, ndipo makina owawerenga akucheperachepera chaka ndi chaka. Wolemba mbiri wa mawa akhoza kudzapeza kuti n'kosavuta kudziwa zomwe bwanamkubwa analemba mu 1930 kusiyana ndi zomwe mphunzitsi wa ku Dowa analemba mu 1998. Zathu za lero nazonso zili panjira yomweyo. Mawu a agogo omwe munajambula pafoni ali pa memory card yomwe tsiku lina idzati ifomatidwe, kapena pa WhatsApp ya nambala yomwe mudzataya.

Pali zotsutsa zina zomwe sindikufuna kuzizemba. Choyamba n'chakuti kutamanda zakale kungathe kusanduka kutamanda umphawi, ndipo kungapereke chilolezo kwa mayiko olemera kuti azitayira kuno zinyalala zawo m'dzina la thandizo. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Lipoti la mabungwe a United Nations linati mu 2022 dziko lapansi linatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomwe zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo. Sukulu zambiri zili ndi chipinda chodzaza makompyuta amphatso omwe sanayakepo. Koma taonani, munthu wotha kusiyanitsa kompyuta yochiritsika ndi chinyalala chenicheni ndi yemwe uja wodziwa za mkati mwake. Popanda iye timalandira chilichonse n'kuombera m'manja, kapena timataya chilichonse pamodzi ndi zabwino zomwe.

Chachiwiri n'chakuti makina akale amadya magetsi ambiri ndipo ndi osatetezeka pa intaneti. Izinso n'zoona, ndipo sindikulimbikitsa kuti ofesi iziyendera Windows 98. Kompyuta ya pa Mponela ija ntchito yake inali ya mlatho, kuwolotsa zolemba kuchoka ku tsidya lakale kupita ku latsopano. Chachitatu n'chakuti ntchito zolipira bwino zili ku mapulogalamu a pafoni ndi ku AI, ndiye wophunzira angatayirenji nthawi pa mapini 9? Yankho langa n'lakuti pulogalamu iliyonse ya pafoni yomwe ikufuna kuyeza chinyezi cha m'munda, kulemera kwa thumba la soya, kapena mphamvu ya batire, pamapeto pake iyenera kulankhula ndi chipangizo chenicheni kudzera pawaya. Opanga ma app tili nawo ambiri ndipo akuchulukirabe. Otha kutsika mpaka pawaya ndi ochepa, ndipo chosowa ndicho chimakwera mtengo.

Mtima wa ntchito imeneyi kwathu kuno ulipo kale. William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa anansi athu a ku Kasungu, anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14 pogwiritsa ntchito felemu ya njinga, dayinamo, fani ya thalakitala ndi mitengo ya bulugamu, atawerenga buku la m'layibulale yaing'ono, anthu akumutcha wamisala. Ku Dzaleka, m'boma lathu lomwe lino, Remy Gakwaya wochokera ku Burundi anayambitsa TakenoLAB n'kumaphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu makompyuta asanakwane, ophunzira akuzolowera kutaipa pa zithunzi za kiyibodi za papepala. Pamsika uliwonse, kuyambira Mponela mpaka Ntchisi boma, pali mnyamata wotha kudzutsa foni yomwe inagwera m'madzi.

Chomwe tikusiyana ndi anthu a SD2IEC ndi FlashFloppy ndi kulemba. Iwo akapeza njira amajambula kayendedwe ka mawaya, amalemba malangizo, amaika pulogalamu poyera kuti wina adzapitirize. N'chifukwa chake kompyuta ya 1982 ikupezabe zipangizo zatsopano. Amisiri athu nzeru zawo zili m'mutu. Bambo a pa Mponela aja anandiuza kuti palibe mnyamata amene anawafunsapo za chingwe chija, ndipo ana awo ali m'tauni pa ntchito zina. Tsiku lomwe adzatseke shopu komaliza, zomwe akudziwa zidzapita momwe zinapitira nkhalamba zomwe atsibweni anga anacheza nazo, kupatula ngati wina atakhala nawo pansi ndi kope.

Apa ndi pomwe ife a mbiri ndi zilankhulo tikulowera. Tinaphunzitsidwa kufunsa mafunso, kujambula mawu, kumasulira, ndi kusanja zolemba kuti wina adzazipeze. Wophunzira Chichewa ndi wophunzira uinjiniya atagwirizana atha kulemba kabuku kofotokoza m'chilankhulo chathu momwe ungapulumutsire mafayilo pa hard disk yakale, kapena momwe ungawerengere zomwe bokosi la sola likunena. Kalabu ya ophunzira itha kupempha kompyuta imodzi kapena ziwiri mwa zomwe zikuolera m'zipinda zosungira katundu, n'kuzikonza kuti zikhale malo owolotsera madisiketi, ma CD ndi makaseti a anthu. Itha kulengeza m'mipingo ndi m'sukulu kuti yemwe ali ndi zakale abwere nazo zisanafe. Zimenezi sizikulira ndalama za m'maboma akunja. Zikulira tebulo, soketi yamagetsi, ndi anthu osachita manyazi kugwira fumbi. Ndipo inu nokha, sabata ino, tengani zomwe simukufuna kudzataya, muzisunge malo awiri osiyana, ndipo zofunikitsitsa muzisindikize papepala.

Mwa madisiketi 7 aja, anayi anawerengeka. Atatu anali atachita chuku mkati, makina n'kumangokukuta osatulutsa kanthu. Imodzi mwa yomwe inakana ndi ija yolembedwa kuti "Malire", ndipo kumudzi kwathu nkhani ya malire a dimba la kudambo yavuta kale kawiri pabwalo la amfumu. Zomwe nkhalamba zinauza atsibweni za malirewo zinapita. Ndikanapeza chitini chija zaka zisanu m'mbuyomo, kapena kukanakhala malo odziwika owerengera zinthu zotere, mwina bwenzi tikunena zina.

Mafayilo omwe anapulumuka anali a WordPerfect, ndipo anatseguka ndi pulogalamu yaulere ya LibreOffice, chifukwa munthu wina kwinakwake anadzipereka kulemba womasulira wa mafayilo amtundu umenewo. Paliponse pomwe atsibweni analemba ŵ panatuluka kachizindikiro kachilendo, ndipo ndinakonza pamanja tsamba ndi tsamba. Ndinasindikiza makope atatu: limodzi la amayi, limodzi la amfumu, limodzi langa. Usiku womwe ndinafika nalo kunyumba ndinawerengera amayi nthano imodzi pakhonde. Ndisanafike pakati anandidula n'kuimaliza okha, mawu ake pafupifupi ofanana ndi a papepala, chifukwa inali nthano ya amayi awo. Atamaliza anandifunsa kuti bambo a pa Mponela aja ndinawalipira zingati. Nditatchula, anati n'zochepa, ndipo m'mawa mwake anandipatsira nkhuku kuti ndikawasiyire. Ndinapita nayo, pamodzi ndi kope latsopano, ndipo tsamba loyamba tinajambulapo chingwe chija pini ndi pini.